Voti ya Tony Gregory inali ndi mtengo, ndipo anautchula poyera

Pa 9 Marichi 1982, phungu watsopano wa zaka 34 anaimirira m'nyumba ya malamulo ya dziko la Ireland, yomwe eni ake amaitcha Dáil, n'kuyamba kuwerenga zonse zomwe analonjezedwa kuti avotere Charles Haughey pa udindo wa nduna yaikulu. Anawerenga nyumba zoti zimangidwe, ntchito zoti anthu alembedwe, sukulu, malo oti boma ligule. Dzina lake linali Tony Gregory, woima payekha wochokera m'dera la Dublin Central, ndipo pakhosi pake panalibe tayi. Aphungu a mbali inayo anati uku n'kugulitsa boma pamsika. Mpaka lero ku Ireland anthu amagawanikabe pa zomwe anachita tsiku limenelo. Ine ndili kumbali yake, ngakhale kuti pali mfundo ziwiri za omutsutsa zomwe sindingazikankhire kumbali.

Kuti munthu aweruze bwino mlanduwu ayenera kudziwa kaye dera lomwe Gregory ankaimira. Chigawo cha kumpoto kwa pakati pa mzinda wa Dublin, malo ngati Summerhill, Sheriff Street, Seán MacDermott Street ndi Ballybough, chinali chodalira doko. Abambo ankatsitsa ndi kukweza katundu m'sitima za pamadzi. Zitabwera makontena ndi makina onyamulira, ntchito zija zinatha, ndipo mafakitale ang'onoang'ono omwe ankalemba amayi anatseka kapena kusamukira kunja kwa mzinda. Mabanja ankakhala mothinana m'nyumba zakale zomwe zinkagwa pang'onopang'ono. Yankho la khonsolo linali kugumula n'kusamutsira anthu kutali, ku Ballymun, ku Darndale, ku Tallaght, uku akuluakulu akujambula misewu ikuluikulu ndi maofesi pamalo pomwe anthuwo ankakhala. Pamwamba pa zonsezo panabwera heroin. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 1983 anapeza kuti m'chigawo chimenechi, pafupifupi wachinyamata mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka 15 mpaka 24 ankagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongowa. Zonsezi zinkachitika pamtunda woti munthu akhoza kuyenda wapansi kuchokera ku Leinster House, komwe aphungu amakumana.

Gregory anabadwira momwemo, ku Ballybough, mu Disembala 1947. Bambo ake ankagwira ntchito m'nyumba zosungira katundu padoko, ndipo nkhani yomwe imafotokozedwa kwambiri ya banjali ndi yakuti atapita kukhonsolo kukapempha nyumba, anauzidwa kuti adzabwerenso akadzakhala ndi ana asanu ndi mmodzi. Mnyamatayo anali wanzeru m'kalasi. Anapeza thandizo la fizi n'kukaphunzira ku O'Connell School, kenako ku University College Dublin, n'kukhala mphunzitsi wa mbiri yakale ndi Chifalansa pa sekondale yophunzitsa m'chilankhulo cha Chiairishi. Ndale anaziyamba ali wamng'ono m'chipani cha Sinn Féin, anadutsa m'timagulu ta sosholizimu tingapo, koma pomafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anali atatopa ndi mikangano ya m'zipani. Anabwerera kwawo n'kuyamba kugwira ntchito ndi magulu a anthu okhala m'nyumba za khonsolo, pamodzi ndi anzake Mick Rafferty ndi Fergus McCabe. Mu 1979 anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Dublin, wopanda chipani.

Zaka za ukhansala zimenezi n'zomwe ambiri amazidumpha akamafotokoza mbiri yake, chonsecho m'menemo ndi momwe muli gwero la nkhani yonse. Khansala wa ku Ireland alibe mphamvu zambiri. Zochita za tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa mkulu woyendetsa khonsolo yemwe sasankhidwa ndi anthu, ndipo ndalama zambiri zimachokera kulikulu la boma, makamaka kuyambira mu 1978 pomwe msonkho wa nyumba zogonamo womwe makhonsolo ankatolera unathetsedwa. Chomwe khansala amakhala nacho ndi kudziwa. Amadziwa mdadada womwe denga lake likudontha, mndandanda wa odikira nyumba ndi kutalika kwake, malo a khonsolo omwe angokhala osamangidwapo kanthu, ndi ofesi yomwe pepala limakagona. Gregory ndi anzake anali atakhala zaka akulemba zofuna za derali, kuchita zionetsero, kukangana ndi okonza mapulani a mzinda. Mwayi utafika sanachite kukhala pansi kuganiza kuti tipemphe chiyani. Zopempha zinali kale papepala, zolembedwa ndi anthu omwe ankagona m'nyumba zodonthazo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mwayiwo unabwera chonchi. Mu Januwale 1982 boma la Garret FitzGerald linagwa chifukwa cha bajeti yomwe, mwa zina, inkafuna kuika msonkho pa nsapato za ana. Pachisankho cha mu Febuluwale, chipani cha Haughey cha Fianna Fáil chinapeza mipando 81 mwa 166. Chipani cha FitzGerald cha Fine Gael chinapeza 63 ndipo cha Labour 15. Panalibe wokwanitsa kulamula payekha. Ku Ireland dera limodzi limasankha aphungu angapo, wovota n'kumaika manambala 1, 2, 3 malinga ndi momwe akuwakondera opikisana, choncho munthu wodziwika bwino m'makwalala ochepa akhoza kupeza mpando popanda chipani. Gregory, yemwe analephera mu 1981, ulendo uno anadutsa. Mwadzidzidzi atsogoleri onse awiri anayamba kumufuna.

Sanapite kwa iwo. Anawaitanira kukaofesi kake ku Summerhill Parade. Haughey anali munthu wokhala m'chinyumba chachikulu cha Abbeville ku Kinsealy, mwini wa chilumba chonse cha Inishvickillane, koma anabwera n'kukhala pampando moyang'anizana ndi mphunzitsi, mchimwene wake wa mphunzitsiyo Noel, ndi anthu awiri ogwira ntchito za m'dera. FitzGerald nayenso anabwera ndi zake. Gulu la Gregory linayerekeza ziwirizo n'kuona kuti Haughey wavomera zambiri. Panganolo linalembedwa, linasainidwa, ndipo mboni yake inali Michael Mullen, mlembi wamkulu wa ITGWU, bungwe lalikulu kwambiri la apantchito m'dzikomo panthawiyo.

M'kati mwake munali nyumba zatsopano 440 m'dera la Gregory ndi zina 1,600 m'madera ena a Dublin. Munali ndalama zolembera anthu 500 ntchito zokonza pakati pa mzinda, ndi lonjezo la ntchito 3,746 m'zaka zitatu. Boma linayenera kutenga malo a maekala 27 a bungwe loyendetsa doko kuti asagwe m'manja mwa omanga maofesi. Munali za sukulu zamkaka ndi sekondale ya m'dera. Munalinso fakitale ya mapepala ya ku Clondalkin yomwe inali itatsekedwa, kuti boma liigule anthu abwerere pantchito, ndipo Clondalkin sinali m'dera lake n'komwe, kunalibe voti imodzi yoti akakolole kumeneko. Owerengera ankati zonsezi zikhoza kudya mapaundi a ku Ireland pakati pa 80 ndi 100 miliyoni, ndalama zoopsa m'dziko lomwe linali pangongole yaikulu.

Tsono taonani zomwe munalibe. Munalibe unduna. Munalibe udindo wa m'bale wake, kapena kontirakiti ya mnzake. Gregory sanalowe Fianna Fáil, ndipo sanalonjeze kuti adzavotera chilichonse chomwe boma lidzabweretse. Kwa ife omwe tinazolowera kuona aphungu oima paokha (mu 2019 ku Malawi kuno anasankhidwa 55 mwa 193) akulengeza patangopita milungu yochepa kuti aganiza zogwira ntchito ndi boma pofuna chitukuko cha m'dera, kusiyanaku n'koonekeratu. Mawu oti chitukuko timawamva, koma chomwe chinagwirizanidwa sitichimva, moti pakatha zaka zisanu palibe pepala loti wovota atenge n'kufunsa kuti mlatho uja uli kuti. Anthu a ku Summerhill anali nalo pepalalo, ndipo linalowa m'kaundula wa zokambirana za nyumba ya malamulo momwe aliyense akhoza kukaliwerenga mpaka lero.

Otsutsa amayamba ndi funso la chilungamo. Osauka analiko ku Limerick, ku Cork, m'midzi ya kumadzulo komwe achinyamata ankathawira ku London ndi ku Boston. Bwanji a ku Dublin Central alandire zochuluka chonchi chifukwa chongoti masamu a chisankho anagwera phungu wawo? Ndalama za dziko ziyenera kugawidwa poona kusowa, osati poona amene wagwira voti yomaliza. Mfundoyi ndi yoona, ndipo m'dziko loyenda bwino ndikanaima nayo. Koma imayankhula ngati kuti pangano la Gregory lisanabwere ndalama zinkagawidwa poona kusowa. Sizinali choncho. Nduna iliyonse inkakokera fakitale, chipatala ndi msewu kwawo, ndipo aliyense ankadziwa, kungoti zinkachitikira m'chipinda cha nduna popanda wowerenga mokweza. Chigawo cha Gregory chinali ndi aphungu a zipani zikuluzikulu kwa zaka makumi ambiri chilandirire ufulu, ndipo chinafika pomwe chinafikapo ali pomwepo. Omwe anakwiya mu Marichi 1982 sanakwiyepo chonchi pamene ana a ku Sheriff Street ankasiya sukulu asanafike pamayeso. Chomwe chinawawawa n'chakuti anthu omwe sankayenera kukhala ndi mphamvu yokakamiza anaipeza kwa milungu itatu, ndipo anaigwiritsa ntchito mopanda manyazi.

Pali chinanso chomwe chimaiwalika. Tsiku la voti, aphungu atatu a chipani cha Workers' Party ndi Neil Blaney, phungu winanso woima payekha, nawonso anavotera Haughey, ndipo anapambana ndi mavoti 86 kwa 79. Ndiye kuti Haughey akanalowabe ngakhale Gregory akanakana. Kukana kwake kukanangomusiya iye ndi mbiri yoyera, dera lake lili chimanjamanja.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri, ndipo ndiyomwe imandivuta. Munthu yemwe Gregory anamuthandiza kulowa m'boma sanali woyera. M'miyezi yochepa ya boma limenelo, nduna ya zachilungamo Seán Doherty inalamula kuti mafoni a atolankhani awiri, Geraldine Kennedy ndi Bruce Arnold, azimvetseredwa mobisa. Patapita zaka, makomiti ofufuza a McCracken ndi Moriarty anaulula kuti Haughey ankalandira ndalama zankhaninkhani kuchokera kwa amalonda olemera. Munthu angati Gregory sakanadziwa zonsezi mu 1982, ndipo n'zoona, koma mafunso okhudza chuma cha Haughey analipo kale, ndipo FitzGerald anali atachenjeza za iye poyera mu 1979. Gregory anasankha kuyang'ana zomwe zalembedwa papepala n'kutseka maso pa dzanja lomwe likusaina. Apa ndikuvomera kuti panali mtengo womwe dziko lonse linalipira, ndipo amene amakonda Gregory asamanamizire kuti panalibe. Chomwe ndinganene pomuikira kumbuyo n'chakuti sanadzimangirire. Boma litayamba kukonza zodula ndalama za chithandizo cha anthu, anachotsa dzanja lake. Pa 4 Novembala 1982, pavoti yoona ngati nyumbayo ikulikhulupirirabe boma, Gregory sanavote, a Workers' Party anavota motsutsa, ndipo boma linagwa ndi mavoti 82 kwa 80. Anadziwa bwino lomwe kuti pangano lake likugwera limodzi ndi bomalo.

Linagwadi. Boma la FitzGerald lomwe linalowa mu Disembala silinadzione kuti ndi lomangidwa ndi siginecha ya Haughey. Nyumba zina zinamangidwa, ndalama zina zinafika, koma zambiri zinathera papepala kapena zinadikira zaka. Sekondale ya m'dera inachita kutsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Malo a padoko aja anasanduka International Financial Services Centre, likulu la mabanki ndi makampani a zachuma lomwe Haughey yemweyo anakhazikitsa mu 1987, ndipo kwa nthawi yaitali khoma linkalekanitsa maofesi agalasiwo ndi mafulati a ku Sheriff Street. Amene amati panganolo linali phokoso chabe amaloza zimenezi. Koma kulephera kwa boma kusunga lonjezo si mlandu wa amene analonjezedwa. Ndipo chifukwa choti zonse zinawerengedwa poyera, lero tikutha kutchula chimodzichimodzi chomwe sichinachitike ndi amene sanachichite.

Chomwe chimandikhutiritsa kuti 1982 sinali ngozi ya masamu chabe ndi zaka 27 zomwe zinatsatira. Gregory sanadzagwirenso mphamvu ngati ija, koma sanasinthe. Ku Dublin kunali amayi ogulitsa zipatso, nsomba, maluwa ndi zidole m'misewu ya Moore Street ndi Henry Street, ambiri akuyala malonda awo pa timapulema takale toyendetsera makanda, ntchito yomwe anatengera kwa amayi awo ndi agogo awo. M'zaka za m'ma 1980 eni masitolo akuluakulu anadandaula, apolisi n'kuyamba kuwathamangitsa, kuwalanda katundu ndi kuwatengera kukhoti. Gregory anakhala nawo pansi pamsewu pazionetsero. Khoti litamuuza kuti asaine kuti sadzachitanso, anakana, ndipo mu 1986 phungu wa nyumba ya malamulo anakagona kundende ya Mountjoy kwa milungu iwiri, limodzi ndi khansala Christy Burke. Mavenda sabweretsa ndalama za kampeni, ndipo eni masitolo ndiwo anali ndi makutu a manyuzipepala.

Nkhondo yake yaitali inali ya mankhwala ozunguza bongo. Pamene makolo a m'mafulati anayamba kuguba kupita pamakomo a ogulitsa heroin kukawauza kuti asamuke, andale ambiri anaima patali poopa kuti gululo lalowereredwa ndi anthu a IRA, gulu la zida lomwe linkamenyana ndi ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland. Gregory ankapita kumisonkhano yawo, ankatchula mayina a ogulitsa, ndipo ankakhala m'dera lomwelo momwe anthu otchulidwawo ankadziwa khomo lake. Sizonse zomwe magulu amenewa anachita zinali zabwino. Panali pena pomwe ogwidwa ndi chizolowezi, omwe ankagulitsa pang'ono kuti apeze awo, ndiwo analandira mkwiyo woyenera akuluakulu awo. Koma mfundo yomwe Gregory anaibwereza kwa zaka zambiri inali yolondola. Ankati wogulitsa wamkulu sagwira mankhwala ndi manja ake, choncho simungamupeze nawo. Tsatirani nyumba zake, magalimoto ake ndi ndalama zomwe sangathe kufotokoza komwe anazitenga, ndipo apolisi, otolera misonkho ndi a chithandizo cha anthu agwire ntchito limodzi. Boma linazengereza mpaka mtolankhani Veronica Guerin anawomberedwa n'kuphedwa mu Juni 1996. Chaka chomwecho nthambi ya Criminal Assets Bureau inakhazikitsidwa kuti ichite zomwezo. Ana ambiri a m'dera lake anali ataikidwa kale m'manda pofika nthawi imeneyo.

Analinso ndi nkhani zina zomwe sizinkamupezera voti iliyonse, monga bilu yomwe anabweretsa mu 1993 yofuna kuletsa masewera othamangitsa akalulu ndi agalu. Inagonja kutali.

Chomwe chinabwera pambuyo pake m'ndale za Ireland sindichikonda, ndipo ena amamuimba nacho mlandu. Kuyambira 1997, maboma a Bertie Ahern, yemwe anali phungu mnzake wa Gregory m'dera lomwelo la Dublin Central, ankadalira oima paokha monga Jackie Healy-Rae wa ku Kerry, munthu yemwenso anayambira pa ukhansala ndipo anakhala zaka zambiri m'chipani cha Fianna Fáil asanachoke chifukwa chosapatsidwa mwayi woimira. Nayenso ankapeza misewu, milatho ndi madoko a kwawo. Anthu a ku Kerry ali ndi zifukwa zawo zomukondera, ndipo ana ake awiri, Michael ndi Danny, anadzakhalanso aphungu. Koma mapangano a mtundu umenewu nthawi zambiri sankawerengedwa onse poyera. Wovota wa ku Donegal sankadziwa chomwe msonkho wake wagula ku Kerry. Kunena kuti Gregory ndiye anayambitsa zimenezi n'kusokoneza zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa otsatirawo anatengera kukakamiza kokha n'kusiya mbali yomwe inkapangitsa kukakamizako kukhala koyankhika pamaso pa anthu.

Gregory anakhalabe khansala uku ali phungu mpaka 2004, pomwe lamulo la mu 2003 linaletsa munthu kugwira maudindo onse awiri. Lamulolo ndi labwino. Phungu ayenera kukhala ndi nthawi yowerenga mabilu, ndipo mipando ya kukhonsolo isamatsekeredwe ndi anthu omwe ali kale ndi mpando wina. Komabe nkhani yake imandichititsa kukayikira anthu omwe amanyoza ndale za denga lodontha ndi nyali za mumsewu ngati kuti ndi zazing'ono poyerekeza ndi ntchito yopanga malamulo. Maganizo olanda chuma cha ogulitsa mankhwala sanabadwire m'komiti ya akatswiri. Anachokera kwa munthu yemwe ankaona mnyamata wosagwira ntchito akuyendetsa galimoto yatsopano pakhomo pa mayi yemwe wangoika mwana wake. Vuto limakhalapo khansala akafika kunyumba ya malamulo n'kukhalabe wongopempha za mudzi wake. Gregory anatenga zomwe anaona pamakwalala ake n'kuzisandutsa mafunso okhudza dziko lonse: ndani amange nyumba, malo a boma apindulire ndani, wakuba wolemera agwidwe bwanji.

Anamwalira ndi khansa pa 2 Januwale 2009, ali ndi zaka 61, asanagonjepo pachisankho chilichonse cha aphungu chiyambire 1982. Mpando wake unapita kwa Maureen O'Sullivan, mphunzitsi yemwe ankayendetsa kampeni zake, ndipo anaugwira mpaka 2020. Dera lija silinachire. Mu 2016 mkangano wa magulu awiri a zigawenga unapha anthu angapo m'misewu yomweyo, boma n'kutuma Kieran Mulvey, mkhalapakati pa mikangano ya pantchito, kuti akafufuze chomwe chikufunika. Lipoti lake la mu 2017 linakamba za ntchito, maphunziro a ana, apolisi okwanira ndi kukonza malo okhala, nkhani zomwe anthu anayi aja anaika patebulo ku Summerhill Parade zaka 35 m'mbuyomo. Ena amawerenga izi ngati umboni woti Gregory analephera. Ine ndikuona kuti mlanduwo ndi wa maboma a Fianna Fáil, Fine Gael ndi Labour omwe anasinthana mpando m'zaka zonsezo, kuphatikizapo zaka zomwe chuma cha Ireland chinakula kuposa kale lonse, mndandanda wa zofunika uli m'kaundula wa nyumba yawo yomwe.